Mkaka wa £1.45 ndi kapepala ka pa kauntala

M'kabati yanga ya kukhitchini muli zitini za nsomba zisanu ndi ziwiri zomwe sindinakonzepo zogula. Mulinso mapaketi atatu a mabisiketi, botolo la viniga, ndi makandulo, m'dziko loti magetsi sazimazima. Zonsezi zinabwera chimodzichimodzi, m'mamawa ndikuchokera ku ntchito ya usiku, chifukwa cha kapepala kena komatidwa ndi selotepu pa kauntala ya shopu ya pakona, pa msewu womwe ndimakhala kuno ku Leicester. Kapepalako kanalembedwa pamanja m'Chingerezi, ndipo kamati wolipira ndi khadi agule zinthu zosachepera £5.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndikaweruka 7 koloko m'mawa, miyendo ili lendelende, chomwe ndimafuna n'kumwa tiyi wamkaka kenaka n'kudziponya pabedi. Shopu zikuluzikulu zili patali, ndiye kashopu kapakonaka ndi kamene kamandipulumutsa. Mkaka umene ndimagula unali pa £1.45. Ndalama ya m'manja sindinkayenda nayo, pakuti malipiro amalowa ku banki, basi ndimalipira ndi khadi, lendi imadulidwa yokha ku akaunti. Ndiye ndikafika pa kauntala ndi mkaka wangawo, maso a mwini shopu ankangopita pa kapepala kaja osanena kanthu, ine n'kubwerera m'mashelefu kukasaka choti ndikwanitsire £5. Ndi mmene zitini zija zinkabwerera.

Tsiku lina mvula inandinyowetsa kuchokera pa depoti, ndipo usikuwo agogo ena omwe ndinkawasamalira anali atavutika kwambiri. Nditaona maso aja akulowera ku kapepala, ndinang'ung'udza ndekha m'Chichewa, podziwa kuti palibe angamve. Ndinati, "Koma abale inu, mkaka wokhawu mpaka munthu agule shopu yonse?"

Madala aja anayika magalasi pansi n'kundiyang'ana. "Pepani mayi, si ine. Ndi makinawa. Kumudzi n'kuti?"

Manyazi amene anandigwira sindingawafotokoze. Anali m'mwenye wobadwira ku Malawi. Bambo awo anali ndi sitolo pamalo ena ochitira malonda m'chigawo chapakati, ndipo banja lonse linasamuka m'zaka za m'ma 1970, nthawi yomwe boma la a Kamuzu Banda linalamula kuti amwenye asiye kuchita malonda m'madera akumidzi n'kukhala m'matauni akuluakulu okha. Ambiri mwa iwo anadzera kuno ku Leicester, ndipo mpaka lero ukayenda m'madera monga Highfields umatha kumva Chichewa chikutuluka pakamwa pomwe sumayembekezera. Chichewa cha madalawa ndi chakale, cha m'sitolo, chimene chinaima pomwe anachisiyira ali mnyamata. Amatibe "tiki" ndi "susu". Anandikumbutsa agogo anga aakazi omwe mpaka imfa yawo ankatchula K2 kuti paundi, popeza kwacha itabwera mu 1971, ma kwacha awiri ndiwo ankapanga paundi imodzi.

Tsiku limenelo anandilola kulipira mkaka wokha. Koma nkhani ya makina inandikhala pamtima, ndipo masiku otsatira, shopu ikakhala yopanda anthu, ndinkawafunsa.

Zomwe ndinaphunzira n'zakuti ukagunda khadi pa makina aja, ndalama yako sifika yonse m'manja mwa wogulitsa. Pali anthu atatu amene amadyapo m'njira. Banki yomwe inakupatsa khadi imatengapo yake. Eni netiweki, monga Visa kapena Mastercard, amatengapo yawo. Ndiye pali kampani yomwe inapatsa wogulitsa makinawo ndipo imamusonkhanitsira ndalama, imeneyo nayo siigwira ntchito yathangata. Gawo la banki lija ndi lochepa, ndipo linaikidwa malire ndi lamulo la European Union mu 2015, lomwe Britain inapitiriza kulitsatira pa makhadi a m'dziko muno: 0.2 peresenti pa khadi yodula ndalama ku akaunti yako, ndi 0.3 peresenti pa khadi yangongole. Nditawerengetsa, pa mkaka wanga wa £1.45 banki inkatenga ndalama yosakwana ngakhale theka la peni imodzi. Ndinawauza madala aja monyadira, ngati mwana wa sukulu wagwira aphunzitsi akulakwitsa samu.

Anaseka, n'kutulutsa chikalata cha pamwezi kuchokera m'dirowa. Chinali ndi mizere yambiri ngati bilu ya kuchipatala cholipira. Panali peresenti ya pa malonda aliwonse, inde. Panalinso timapeni todulidwa nthawi iliyonse khadi ikagundidwa, kaya munthu wagula chingamu kaya wagula katoni ya mafuta. Panali lendi ya makina ya pamwezi. Panali ndalama ina yokhudza chitetezo cha manambala a makhadi, yomwe imakwera ngati sunadzaze fomu ina yake pa intaneti, ndipo madalawo fomuyo anali asanaimvetsepo. Pansi penipeni panali mzere wonena kuti ngati zodulidwa za mwezi umenewo sizinafike pamlingo wakuti, adzalipirabe mlingowo.

Chimene chimapweteka kwambiri pa malonda aang'ono ndi timapeni tosasintha tija. Tiyerekeze kuti makina amadula 5p nthawi iliyonse, kuphatikizapo peni imodzi pa paundi iliyonse. Tiyerekezenso kuti wogulitsa amapeza phindu la 10p pa paundi. Munthu akagula chinthu cha £1, makina atenga 6p, wogulitsa atsala ndi 4p, kutanthauza kuti zoposa theka la phindu zapita. Munthu yemweyo akagula za £5, phindu ndi 50p, makina atenga 10p, wogulitsa atsala ndi 40p. Manambalawa ndangowapeka kuti nkhani imveke, koma kapepala kaja kamabadwira pa samu yoteroyo. Ndipo katundu amene anthu amathamangira ku shopu yapakona, nyuzipepala, mkaka, buledi, fodya, ndi yemwe phindu lake ndi lopyapyala kale.

Kale ogulitsa anali ndi njira ina. Nditangofika kuno mu 2016, zinali zachizolowezi kuuzidwa kuti ukalipira ndi khadi awonjezerapo 50p. Pa 13 Januwale 2018 boma linaletsa zimenezo: wogulitsa sangakulipiritse ndalama yapadera chifukwa choti wagwiritsa ntchito khadi yako wamba. Makampani a ndege ndi ogulitsa matikiti ndiwo ankanenedwa kwambiri pa nkhaniyi, koma lamulo linagwera onse, ndi madala a pakona omwe. Khomo limodzi litatsekedwa, ambiri anangotsamira pa lina, lomwe ndi kapepala ka £5.

Nanga kapepalako n'kololedwa? Funso limeneli linandivutitsa, chifukwa anzanga a kuntchito ankanena motsimikiza kuti ndi mlandu. Si mlandu. Lamulo la dziko lino limapatsa mwini shopu ufulu wosankha njira yolandirira ndalama. Atha kukana khadi, athanso kukana ndalama ya pepala yokhala ndi nkhope ya mfumu, ndipo ngakhale a Bank of England amanena zomwezo. Pomwe pali vuto ndi pa malamulo a eni makhadi. Visa ndi Mastercard salola wogulitsa kuno kuika mlingo woyambira, ndipo wogulitsa amavomera zimenezo posainira makina. Ndiye amene wamata kapepala waphwanya pangano lake ndi kampani, koma wapolisi sangabwere kudzamugwira. Ku America zinthu zinayenda mosiyana: lamulo la Dodd-Frank la 2010 linalola ogulitsa kuika mlingo wosapitirira $10 pa makhadi angongole, ndipo eni makhadi anachita kugonja. Kuno kulibe chotero, kuli kungoyang'anira kumbali. Ukafuna utha kukadandaula ku banki yako kuti shopu yakuti ikuphwanya malamulo. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe anandilimbikitsa kutero. Ndinamufunsa kuti ndikaneneze madala a zaka pafupifupi 70, amene amatsegula shopu 6 koloko m'mawa m'nyengo yachisanu, kwa kampani yomwe phindu lake limawerengedwa m'mabiliyoni? Mtima unakana.

Komanso madandaulo awo sanali ongopeka. Bungwe loyang'anira njira zolipirira kuno, Payment Systems Regulator, linafufuza msika umenewu ndipo mu 2021 linapeza kuti sukuyenda bwino kwa amalonda aang'ono ndi apakati. Phindu la malire aja a 2015 linafika kwa masitolo akuluakulu, omwe ali ndi anthu olembedwa ntchito yokambirana mitengo, koma kwa aang'ono silinkafika kwenikweni. Ambiri anali omangika m'mapangano aatali a lendi ya makina, mpaka bungwelo linalamula kuti pangano loyamba lisamapitirire miyezi 18. Madala anga anali m'gulu la omangikawo. Anasainira zaka zingapo kwa mnyamata wina wovala tayi yemwe anabwera mu shopu ndi mawu okoma, ndipo sanamuonenso.

Apa ndiye ndinayamba kuganiza za amayi anga.

Ndinakulira ku Bangwe, ndipo amayi anali ndi okala kutsogolo kwa nyumba. Loweruka lililonse tinkapita kukaoda katundu ku Limbe, kwa amwenye omwewo, n'kubwera naye pa minibasi. Usiku wake tinkakhala pamphasa kugawa. Paketi ya shuga inkasanduka timapepala tating'onoting'ono tokwana kapu imodzi ya tiyi. Mafuta ophikira tinkathira m'timachubu n'kumanga mfundo. Mugo wa sopo unkadulidwa ndi mpeni. Ufa tinkauika m'timajumbo tomwe aliyense ankangoti wokumani. Buledi ankagulitsidwa theka, nthawi zina kota. Malonda onse a amayi anamangidwa pa mfundo imodzi, yoti munthu abwere ndi imene ali nayo, katundu ndi amene achepe kuti afanane ndi ndalamayo. Palibe amene ankabwezedwa chifukwa choti wabwera ndi yochepa. Akabwera wopanda n'komwe, panali kabuku ka ngongole, kolembedwa maina onga "amake Chikondi" ndi "bambo a njinga". Wogula zambiri ankapatsidwa basela.

Kapepala ka £5 kamatembenuza zonsezo chadodolido. Kamauza munthu kuti akule kuti afanane ndi makina.

Nditawaimbira amayi n'kuwafotokozera, anadabwa kwambiri. "Mwanangu, ndiye kuti munthu wabwera ndi ndalama yake, iwo n'kumukana? Wa K200 wa lero ndi amene amabwera ndi K2,000 mawa. Amenewo malonda sakuwadziwa." Ndinawasiya amalize, kenaka ndinawafunsa kuti nanga munthu akafuna kulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, iwo amatani. Panadutsa kamphindi. "Aaa, imeneyo ndi nkhani ina. Ndimamuuza kuti aikepo ndi yotapira. Nanga ndikatape ndi ndalama yanga? Phindu lake liti pa mafuta a m'chubu?" Ndinaseka mpaka misozi. Anakwiya pang'ono, akuti ndikuwayesa. Koma ndi nkhani yomweyo. Pakati pa wogula ndi wogulitsa palowa munthu wachitatu wosaoneka amene amafuna gawo lake, ndipo awiri otsalawo amakankhirana kuti alipire ndani. Kusiyana kwake n'kwakuti amayi amachita zomwe kuno zinaletsedwa mu 2018, pomwe madala a ku Leicester ankachita zomwe zinatsala.

Ngakhale ndikumvetsa zonsezi, kapepalako sindinakakonde, ndipo chifukwa chake si zitini zanga za nsomba. Ine ndinkadandaula koma £5 ndinali nayo. Amene kamamupweteka ndi yemwe alibe.

M'mawa wina patsogolo panga panali mtsikana wa zaka mwina 20, atakankha mwana pa kangolo. Ananyamula buledi ndi mkaka, zonse pamodzi zosakwana £3. Amene anali pa kauntala tsiku limenelo anali mnyamata waganyu, ndipo analoza kapepala. Mtsikanayo anatenga foni, n'kuyang'ana mu akaunti, nkhope n'kugwa. Anatenga paketi ya maswiti ndi madzi kuti akwanitse, n'kugunda khadi. Makina analira kukana. Anabweza zonse, kuphatikizapo buledi ndi mkaka womwe akanatha kulipira, n'kutuluka mofulumira osayang'ana aliyense. Ndinachedwa kuganiza, pamene ndimati ndimulipirire n'kuti atakhota kale. Aliyense amene anakhalapo ndi akaunti yotsala £3 ndi timapeni kutatsala masiku awiri kuti alandire akudziwa chimene chinachitika pamenepo. Ndalama anali nayo, yokwanira chimene ankafuna, koma inali m'malo olakwika.

Wina anganene kuti akanangotapa ndalamayo. Atapa bwanji? Makina otapira ndalama satulutsa £3, ambiri amayambira pa £10. Amene ali mkati mwa mashopu apakona nthawi zambiri amadula pafupifupi mapaundi awiri pa kutapa kulikonse. Nthambi za mabanki zakhala zikutsekedwa m'dziko lonse lino, zoposa 6,000 chiyambire 2015, ndipo pa msewu wathu pomwe panali banki pano pali malo odyera. Dziko lonse lakhala likukankhira anthu ku khadi. Mabasi a mu London anasiya kulandira ndalama ya m'manja mu 2014. Pofika 2017 makhadi odula ku akaunti anali atapitirira ndalama ya m'manja pa kuchuluka kwa malipiro. Mliri wa Covid utabwera, malire a ndalama yomwe ungalipire pongogunda khadi osalemba nambala yachinsinsi anakwezedwa kuchoka pa £30 kufika pa £45 mu 2020, kenaka £100 mu Okutobala 2021. Munthu wauzidwa kwa zaka khumi kuti asiye makobidi kunyumba, wamvera, ndiye afike pa shopu ya m'dera lake lomwe n'kuuzidwa kuti khadi yake ndi yaing'ono.

Ndinawauza madala aja za mtsikanayo. Anakhala chete nthawi yaitali, akupukuta kauntala yomwe inali yoyera kale. Kenaka anati, "Ndikanakhalapo ndikanamupatsa. Mnyamata uja amangotsata pepala." Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, chifukwa ine anandilola kambirimbiri. Koma apo ndi pomwe pali chilema cha lamulo lolembedwa pa khoma. Limamasuka kwa amene mwini shopu amamudziwa, amene amalankhula naye chilankhulo cha ubwana wake, n'kuuma kwa mlendo wamanyazi amene sangayerekeze n'kupempha komwe.

Ndinawafunsanso ngati ndalama ya m'manja ilibe zodula zake. Anavomera monyinyirika. Banki imawalipiritsa akamakasungitsa ndalama za bizinesi, chenji amachita kukagula, madzulo aliwonse amataya nthawi kuwerenga makobidi, ndipo shopu yawo inathyoledwapo usiku. Koma zimenezo sazimva kuwawa ngati mzere wa pa chikalata chija. Ndalama ya m'dirowa amaiona, amaigwira. Yodulidwa ndi makina amangoiwerenga itapita kale. Apa sindinagwirizane nawo kwenikweni. Ndikuganiza kuti mbali ina ya kapepala kaja inali samu, mbali ina inali mkwiyo wa munthu amene akumva kuti akubedwa ndi anthu omwe sangawapeze, ndiye akukalipira amene ali pafupi.

Zinthu zinasintha pangano lija litatha. Mwana wawo wamwamuna, yemwe amagwira ntchito ya makompyuta ndipo amabwera Lamlungu kudzathandiza, anabweza makina akale n'kugula kamakina kakang'ono koyera kolumikiza ku foni. Timakina totere, ta makampani monga SumUp ndi Square, umagula kamodzi, palibe lendi, ndipo amadula peresenti yokha, pakati pa 1.69 ndi 1.75, popanda timapeni tosasintha tija. Pa mkaka wanga ndi pafupifupi mapeni awiri ndi theka. Kwa shopu yogulitsa zambiri peresenti imeneyo itha kudula kuposa pangano labwino la makina akale, ndipo bambo ndi mwana anakangana pa zimenezo milungu ingapo, m'Chigujarati, ine ndikumvera manambala okha. Koma chifukwa chokanira malonda aang'ono chinali chitatha, popeza peresenti yodulidwa pa £1 ndi yofanana ndi ya pa £50.

Kapepala kanachoka. Pa kauntala panatsala chizindikiro cha selotepu, makona anayi achikasu. Sabata yomweyo mkaka unakwera ndi 5p, ndipo nditawayang'ana madala aja anayang'ana kudenga ngati munthu amene akufufuza podontha. Sindinadandaule. Ndi mmene masitolo akuluakulu amachitira kuyambira kale, zodula za khadi amazimwaza m'mitengo ya katundu yense, aliyense n'kulipirapo kapeni osadziwa, kuphatikizapo agogo amene amabwera ndi makobidi m'kachikwama ndipo khadi sanaigwirepo. Kaya chilungamo chili pamenepo kaya ayi, koma buledi ndi mkaka munthu amatuluka nazo.

Kutsidya kwa msewu kwatsegulidwa kamalo komwera khofi, ndipo pa chitseko pamatidwa kapepala kake, kosindikizidwa bwino, konena kuti ndalama ya m'manja salandira. Madala anga amakaloza ndi chibwano n'kupukusa mutu, ngati kuti iwo sanamatepo kanthu.

Mwezi wathawu intaneti inavuta m'dera lathu m'mawa wonse, ndipo kamakina koyera kaja kanangoti zii. Ndinafika ndi mkaka wanga, m'thumba mulibe ngakhale peni. Madala anawerama pansi pa kauntala n'kutulutsa kabuku kachikuto chofiira, kakale, kothothoka m'mbali. Ananyowetsa chala, n'kutsegula tsamba latsopano, n'kulemba pang'onopang'ono ndikuona: "Mayi a ku Bangwe, £1.50."

"Mudzapereka mawa," anatero. "Koma mubwere ndi makobidi."